Zidole za ma dinosaur: za m'thumba, za m'filimu, kapena zotsata mafupa enieni?

Chidole changa choyamba cha dinosaur ndinachitola pa kaunjika, pansi pa mulu wa tizimbalangondo taubweya ndi timagalimoto toguluka matayala. Chinali chobiriwira ngati tsamba la mpiru, mchira ukukhwekhwereza pansi, ndipo pamimba analembapo dzina lomwe patapita zaka ndinadzazindikira kuti si lake. Ndikadali nacho. Koma pano chili ndi anzake odzaza mashelefu awiri, ndipo amene amabwera kwathu, akamaliza kundiseka kuti bambo mzima ndikusunga zidole, amafunsa funso limodzi: kodi nditati ndiyambe, kapena ndimugulire mwana, ndigule za kampani iti?

Ndimawayankha kuti za kampani zidikire kaye. Pamsika pali nyama ziwiri zosiyana zimene zimagulitsidwa ndi dzina limodzi. Pali chilombo cha m'filimu, chokhala kukamwa yasa nthawi zonse ngati chili ndi ngongole ndi aliyense, ndiye pali nyama imene mafupa ake anafukulidwadi m'nthaka, yomwe inkadya, kugona ndi kuikira mazira. Zonse ziwiri n'zosangalatsa kusunga. Vuto limabwera mukalipira mtengo wa nyama yeniyeni n'kupatsidwa chilombo.

Kusiyanitsa kwake sikufuna digiri. Yambani ndi manja. Ma dinosaur odya nyama, oyenda ndi miyendo iwiri, zikhatho zawo zinkayang'anizana ngati munthu amene akuwomba m'manja pamaso pa amfumu. Sakanatha kuzitembenuza kuti ziyang'ane pansi ngati akukanda ufa wa mandasi. Chidole cha manja ogwera pansi chotero chatsata filimu. Kenako onani mchira: unkakhala m'mwamba, kulinganiza kulemera kwa mutu ndi chifuwa, osati kukokedwa m'fumbi ngati wa ng'azi. Pomaliza mapazi. Amene anadyapo zipalapasiro akudziwa kale maonekedwe a phazi la dinosaur wodya nyama, pakuti mbalame zonse, nkhuku ya pakhomo yomwe, zinachokera ku mtundu umenewu. Zala zitatu kutsogolo, kachinayi kakang'ono m'mwamba, nyama yonse n'kumayendera zala.

Tiyambe ndi za m'thumba, zija zimabwera khumi kapena kuposerapo m'pepala limodzi la pulasitiki, zopanda dzina la kampani. Ubwino wake ndi mtengo basi, komanso kuti mwana akhoza kuzikwirira mumchenga, kuziiwala pamvula, inu mtima osapweteka. Pa nkhani yophunzira, izi n'zosokoneza. M'thumbamo simulephera kupezeka Dimetrodon, uja wa chinsalu pamsana, yemwe si dinosaur n'komwe. Iyeyu anatha zaka pafupifupi 40 miliyoni dinosaur woyamba asanaoneke, ndipo pachibale ali pafupi ndi nyama zoyamwitsa kusiyana ndi abuluzi. Mumapezekanso Pteranodon wouluka ndi Plesiosaurus wa m'madzi, omwenso si ma dinosaur, nthawi zina ndi njovu yaubweya ija pamodzi ndi munthu wonyamula chibonga. Kwa mwana wosakwana zaka 3 izi musamupatse. Tina timakhala tating'ono moti akhoza kumeza, ndipo penti yake palibe amene angakuuzeni kuti muli chiyani.

Za m'filimu zili ndi mwini wake. Filimu ya Jurassic Park itatuluka mu 1993, zidole zake inkapanga ndi kampani ya Kenner, ndipo kuyambira 2018 zidole za Jurassic World zimapangidwa ndi Mattel. Ngati mwana wanu akufuna chidole chobangula, chotsegula kukamwa mukadina batani, chogwedeza mchira, apa ndiye pake. Miyendo ndi makosi zimapindika, ndipo mu 2022 Mattel inayambitsa gulu lina lotchedwa Hammond Collection, lokhala ndi mfundo zambiri zopindika, lolinga anthu akuluakulu osunga. Kungoti muzidziwa chimene mwagula. Velociraptor weniweni, wa ku Mongolia, thupi lake linali ngati la nkhukundembo yaikulu, kutalika kwake pafupifupi mamita awiri mukawerengera ndi mchira womwe, ndipo anali ndi nthenga. Mu 2007 akatswiri anapeza timabampu pa fupa la mkono wake, tofanana ndi pomwe pamamera nthenga zikuluzikulu za mbalame. Wa m'filimu ndi wamtali ngati munthu, wosalala ngati buluzi. Dilophosaurus uja amatambasula chikopa cha pakhosi ngati ambulera n'kulavula poizoni, palibe fupa limene limasonyeza zimenezo, ndipo weniweniyo anali chinyama cha mamita 6 kapena 7. Chinanso, zidole zimenezi zimadya malo ndipo zina zimafuna mabatire. Ine ndili nacho chimodzi chokha, chomwe alendo aang'ono amaloledwa kugwira.

Pakati pa filimu ndi mafupa pali makampani awiri a ku Ulaya amene amasokoneza oyamba kumene, chifukwa zidole zawo n'zolemera m'manja ndipo zimaoneka za sayansi.

Schleich ndi ya ku Germany, inayamba mu 1935, ndipo ndi yomwe mungaipeze mosavuta m'masitolo a zidole ku Johannesburg kapena ku London. Kulimba ndiye musakambe. Chidole chimagwa pa simenti n'kudzuka chili bwinobwino, ndipo nyama zawo za masiku ano, njovu, mikango, ng'ombe, n'zokongola kwambiri. Koma ma dinosaur awo ambiri odya nyama ali ndi mapazi aakulu mopitirira kuti asamagwe, mano onenepa, ndi manja okanda mandasi aja. Kwa mwana wa zaka 5 amene amamenyanitsa zidole, ndingasankhe Schleich osaganiza kawiri. Pa shelefu yanga zilipo zochepa.

Papo ya ku France ndi nkhani ina. Khungu la zidole zawo, makwinya, mamba, minofu, maso, anaziumba mwaluso moti kwa zaka zambiri panalibe wofanana nawo. Koma Tyrannosaurus, Velociraptor ndi Spinosaurus awo oyambirira akufanana kwambiri ndi a m'filimu. Ndiye kuti Papo ndi ya munthu wofuna chilombo cha m'filimu chosemedwa bwino, chopanda mabatani ndi mizere ya mfundo. Chenjerani pogula, chifukwa zidole za Papo n'zimene anthu achinyengo amakonda kukopera. Chabodza chimapepuka, penti yake ndi yothimbirira kapena yonyezimira mopusa, ndipo pamimba sipakhala chidindo cha kampani.

Tsopano tafika pomwe mtima wanga uli.

Safari Ltd ndi kampani ya ku Florida, ku America. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka 2015 inkapanga gulu la Carnegie Collection mogwirizana ndi Carnegie Museum of Natural History ya ku Pittsburgh, ndipo zambiri mwa zidolezo zinali pa muyeso umodzi wa 1:40, kutanthauza kutalika kwa nyama yeniyeni kugawa ndi 40. Gulu lomwe likupitirira lero ndi Wild Safari Prehistoric World, ndipo zidole zake zambiri zabwino anaumba ndi Doug Watson wa ku Canada. Mtengo wake ndi wapakati, mitundu yake nthawi zina imawala mopitirira, koma thupi la nyama amalitsata monga mafupa akunenera. Ndipo mu 2018 kampaniyi inatulutsa chidole chimene Mmalawi aliyense wosunga zinthuzi ayenera kukhala nacho: Malawisaurus.

Ambiri timangomva kuti ku Karonga kuli dinosaur, osadziwa mbiri yake. Mafupa oyamba anafotokozedwa mu 1928 ndi Sidney Haughton, yemwe anaitcha nyamayo Gigantosaurus dixeyi polemekeza Frank Dixey, mkulu wa zofufuza miyala m'nthawi ya Nyasaland. Kenako gulu la Louis Jacobs wa ku America, pamodzi ndi akatswiri a kuno kwathu, linafukulanso mafupa ambiri m'dera la Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina latsopano la Malawisaurus dixeyi. Inali yodya masamba, ya khosi ndi mchira wautali, ya m'gulu la titanosaur, ndipo inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Kufunika kwake n'koti mafupa a mutu wake anapezeka, chinthu chosowa kwambiri m'gulu limeneli, ndiye woumba chidole sanachite kulota nkhope yake yaifupi ija. Chigoba chake chonse chinaimikidwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yomwe inatsegulidwa mu 2004. Mukachigwira chidolechi yang'anani miyendo yakutsogolo. Nyama za khosi lalitalizi zinalibe zikhadabo zozungulira phazi lonse ngati njovu, monga zidole za m'thumba zimaonetsera. Phazi lakutsogolo linali ngati nsanamira, ndipo mitundu yambiri inali ndi chikhadabo chimodzi chokha cha chala chachikulu, pomwe ma titanosaur ena analibiretu.

Safari imaphunzitsanso phunziro lowawa. Mu 2017 inatulutsa Tyrannosaurus wa nthenga thupi lonse, chifukwa mu 2012 ku China kunalengezedwa za Yutyrannus, wachibale wake wa mamita 9 yemwe analidi ndi nthenga. Chaka chomwecho cha 2017 kunatuluka kafukufuku wa zidindo za khungu la Tyrannosaurus ndi abale ake apafupi, zosonyeza mamba pakhosi, m'chiuno ndi kumchira. Chidole chinakalamba chisanathe chaka. Ndi chokongolabe, ndipo sindingachichotse.

CollectA, yomwe zidole zake kwa zaka zambiri ankazikonza ndi Anthony Beeson wa ku England, ndi kampani ya munthu wotopa ndi Tyrannosaurus ndi Triceratops. Iwowa amaumba nyama zomwe ena onse amazilambalala. Kwa ife ofuna za mu Africa, ndi kumene kumapezeka Jobaria, Afrovenator ndi Rugops a ku Niger, komanso Paralititan wa ku Egypt. Koma onani chaka chimene chidolecho chinatuluka. Zoyambirira zawo, za m'ma 2007 ndi 2008, zambiri n'zosaoneka bwino, miyendo ngati ya mpando, pomwe za zaka zaposachedwa zimapikisana ndi aliyense. Zina za miyendo iwiri anazimata pa kathabwa kuti mapazi asakulitsidwe. Ena kathabwako amadana nako. Ine ndimakakonda, chifukwa cha zomwe ndifotokoze kumapetoku.

Pamwamba pa onsewa pali zidole zomwe kunena zoona si zoseweretsa ana. PNSO ndi ya ku Beijing, inayambitsidwa mu 2010 ndi wojambula Zhao Chuang ndi wolemba Yang Yang. Mamba a zidole zawo ndi aang'ono moti mumachita kuyandikitsa diso, mitundu yake ndi yofatsa ngati ya nyama zakutchire, ndipo chilichonse amachipatsa dzina la munthu: Tyrannosaurus wawo ndi Wilson, Carcharodontosaurus ndi Gamba, Suchomimus ndi Thabo. Dzina la Thabo limandiseketsa, popeza ndi la kumwera kuno pomwe nyamayo inafukulidwa ku Niger, koma bola anayesetsa kuti likhale la mu Africa. Haolonggood, ya ku China komweko, yabwera posachedwa ndi mitengo yotsikirapo komanso penti yowala, ndipo ili ndi Kentrosaurus ndi Dicraeosaurus, nyama zomwe mafupa ake anafukulidwa ku Tendaguru, kumwera kwa Tanzania, pakati pa 1909 ndi 1913 n'kutengedwa kupita ku Berlin. Eofauna ya ku Spain imatulutsa zochepa kwambiri, koma eni ake ndi ofufuza, ndipo amayamba ndi chigoba asanaike minofu. Atlasaurus wawo, wa ku Morocco, ndi wa miyendo italiitali modabwitsa chifukwa mafupa ake ndi otero. Kuipa kwa gulu lonseli ndi mtengo, poti chimodzi chachikulu chingakugulireni za Safari zingapo, komanso kusalimba. Minga, zikhadabo ndi mano zimathyoka, penti imakandika. Mwana aziona ndi maso, manja ali kumbuyo.

Zilipo zina ziwiri zomwe ndingodutsapo. Beasts of the Mesozoic, za David Silva, zimatsata sayansi koma zili ndi mfundo zopindika paliponse, zabwino kwa okonda kujambula zithunzi, zodula, ndipo mizere ya mfundozo ine imandisokoneza maso. Ndiye pali zakale zomwe sizikupangidwanso, monga za Invicta, zimene kuyambira 1974 zinkapangidwira Natural History Museum ya ku London, za mtundu umodzi thupi lonse, dzina ndi kutalika kwa nyama zitadindidwa pamimba. Izi ndi za Carnegie zimapezeka kwa ogulitsa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo amene ali ku Britain amatha kuzitola motchipa m'masitolo a zachifundo. Pa kaunjika wa zidole muzitembenuza chilichonse n'kuwerenga pamimba. Simudziwa chomwe beloli labweretsa.

Koma mukagula kuchokera ku makampani onsewa mosasankha, shelefu imaoneka ngati msika wa Lizulu tsiku la chipwirikiti: Velociraptor wamkulu kuposa Triceratops, Stegosaurus wofika m'chiuno mwa nkhuku. N'chifukwa chake ambiri amasankha muyeso umodzi. Pa 1:35, womwe PNSO ndi Haolonggood amakonda, mumatenga kutalika kwa nyama yeniyeni n'kugawa ndi 35. Tyrannosaurus wa mamita 12 amakhala masentimita pafupifupi 34. Velociraptor sakwana masentimita 6. Giraffatitan wa ku Tendaguru, wa mamita oposa 20, amapitirira theka la mita, ndipo kabati ya mbale ya mayi a kunyumba musaiyang'ane n'komwe. Mukaziika pamodzi zonse zili pa muyeso umodzi, mpamene mumamva m'thupi kukula kwa zinyamazi. Musamangokhulupirira nambala ya pa bokosi. Tengani tepi ya telala, yezani motsata msana kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira, muwerengere nokha.

Njira ina, yomwe ine ndimaikonda kuposa ya muyeso, ndi kusankha nyama imodzi n'kusonkhanitsa maonekedwe ake onse. Palibe yoposa Spinosaurus pa zimenezi. Ernst Stromer wa ku Germany anamufotokoza mu 1915 kuchokera ku mafupa a ku Egypt, ndipo mafupawo anaphwanyidwa ndi mabomba ku Munich mu 1944. Kwa zaka zambiri oumba ankangoyerekeza, n'kumupatsa mutu ngati wa Tyrannosaurus ndi chinsalu pamsana. Kenako zinadziwika kuti kukamwa kwake kunali kwakutali ngati kwa ng'ona, ndiye zidole zinasintha. Mu 2014 Nizar Ibrahim ndi anzake, atapeza mafupa atsopano ku Kem Kem m'dziko la Morocco, ananena kuti miyendo yakumbuyo inali yaifupi, ndipo makampani anathamangira kuumba Spinosaurus wokwawa ndi miyendo inayi kapena wosambira. Mu 2020 gulu lomwelo linaonetsa mchira wophwatalala ngati nkhafi, zidole zonse za mchira wowonda n'kusanduka zachikale tsiku limodzi. Mpaka lero akatswiri akukanganabe ngati ankasaka nsomba pansi pa madzi kapena ankangoima m'mphepete ngati kakowa. Ndili ndi a Spinosaurus asanu, ndipo mlendo amene sadziwa amaganiza kuti ndi nyama zisanu zosiyana.

Pa mitundu ya khungu musataye nthawi kukangana ndi wogulitsa, chifukwa pa nyama zambiri woumba amangosankha. Zochepa zokha ndi zomwe mtundu wake unadziwika kuchokera ku tizinthu tosungidwa mu nthenga kapena pakhungu: Sinosauropteryx anali wofiirira ndi mchira wa mizeremizere, Microraptor anali wakuda monyezimira ngati khwangwala, Borealopelta wa ku Canada anali wofiirira pamsana. Mukagula zimenezi, mtundu uziwerengedwa.

Ndiye ndingalangize chiyani? Mwana wamng'ono, Schleich, kapena Mattel ngati mtima wake uli pa filimu. Mwana wa sukulu amene wayamba kufunsa mafunso, kapena wamkulu amene akuyamba kumene, Safari ndi CollectA zatsopano, poyambira pakhale Malawisaurus. PNSO, Haolonggood ndi Eofauna zidikire mpaka mutadziwa nyama zimene mumazikondadi, chifukwa kulakwitsa pamenepo kumapweteka m'thumba. Zambiri mwa izi muyenera kuitanitsa pa intaneti, ndipo kwa amene tili kumudzi kuno, ndalama yotumizira pamodzi ndi msonkho nthawi zina zimaposa mtengo wa chidolecho, osanenanso za kusowa kwa ndalama zakunja. Njira yomwe imandithandiza ndi kuitanitsa zingapo nthawi imodzi, zifikire kwa achemwali anga ku Joni, iwo n'kuzifinyira pakati pa zovala akamabwera pa Khirisimasi. Amadandaula ndithu kuti anthu ena amatumitsa mafoni, ine ndikutumitsa abuluzi.

Za kathabwa kaja. Chaka china ndinaika shelefu moyang'anizana ndi windo, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunafewetsa akakolo a chidole china cha miyendo iwiri chopanda kathabwa. Chinayamba kupendekeka pang'onopang'ono, kenako usiku wina chinagwa chamutu n'kugwetsa anzake atatu, nyanga ya mmodzi n'kuthyoka. Mankhwala ake ndi osavuta: viikani miyendoyo m'madzi otentha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, iwongoleni ndi manja chidolecho chitaponda patebulo, kenako chilowetseni m'madzi ozizira muli chigwirire. Koma dzuwa likapitiriza kuchiwomba chimabwerera, komanso penti imasuluka. Shelefu ikhale pamthunzi, fumbi muzichotsa ndi kaburashi kofewa, ndipo zidole zisamakhudzane, chifukwa pulasitiki ikatenthedwa imatha kumatirira penti ya inzake.

Pa shelefu yanga ya za mu Africa, pambali pa Malawisaurus, pali malo a nyama zina ziwiri za ku Karonga zomwe Elizabeth Gomani, katswiri wathu wa kuno, anazifotokoza. Karongasaurus, wa mu 2005, amadziwika ndi fupa la nsagwada ndi mano basi, ndiye woumba aliyense angachite kupeka pafupifupi thupi lonse. Winayo ndi Malawisuchus, wa mu 1997, kang'ona ka pamtunda ka masentimita pafupifupi 60. Mphwanga wa sitandade 5, amene amaumba ng'ombe zadothi kudambo, anadzipereka kuti andiumbira ndi dothi la pachulu. Tinakhala pansi n'kugawa 60 ndi 35, yankho n'kutuluka losakwana masentimita awiri, ngati njere ya mtedza. Anandiyang'ana, n'kunena kuti malume, kameneko miyendo ndiika ndi chiyani? Anaumba ka kukula ngati chala chake chachikulu, miyendo ya timitengo ta machesi, ndipo kali pomwepo.